Ziro Imodzi pa Mtengo wa Mjigo

Loweruka lina m'mawa, chaka cha 2022, ndinali panja ndikuchapa pamene foni inalira. Nambala yake inali yachilendo. Ndinapukuta thovu m'manja ndi chitenje n'kuyankha.

"Kodi ndinu eni ake tsamba lija la ndalama za chitukuko?" Anali mawu a bambo wachikulire, odekha, koma omveka kuti mwini wake sanagone.

"Ndine mmodzi mwa iwo, bambo. Ndikulankhula ndi ndani?"

Anati ndi khansala wa wodi ina m'chigawo chapakati. Dzina lawo sinditchula, boma lawonso ayi, chifukwa zimene anakumana nazo zinakwana. "Dzulo ndinali pa maliro," anatero. "Ndafika pasiwa, ndakhala pa benchi, anzanga akusuntha mmodzimmodzi. Kenako ndikumva kumbuyo akunong'onezana kuti ameneyo ndiye wadya K45 miliyoni pa mjigo umodzi. Mwana wanga, ndi mjigo wanji umene umadya K45 miliyoni? Ndalama za CDF, thumba lija la chitukuko cha m'dera la phungu, ine sindizigwira n'komwe, kontilakitala amalipidwa ndi a ku khonsolo. Ndafunsa mphwanga kuti nkhaniyi yachokera kuti, wandionetsa pa foni. Mwalemba ndinu."

Zovala ndinazisiya m'beseni. Ndinatsegula laputopu n'kupeza mzere wa mjigowo pa tsamba lathu la pa intaneti: 45,000,000. Kenako ndinatsegula chithunzi cha pepala limene tinakoperapo, lija mnzathu anajambula ndi foni pa bolodi la zidziwitso ku khonsolo. Linali lopindika pakona, inki itafwifwa ndi dzuwa, koma nambala inkawerengeka bwinobwino: 4,500,000. Mnyamata wathu amene ankalemba anawonjezera ziro imodzi. Ndipo ine, amene ndinayenera kuunikanso zonse zisanapite poyera, ndinangodutsamo maso usiku, tulo tili m'maso, n'kudina batani.

Ndife gulu laling'ono la anthu ongodzipereka. Tikachuluka timakwana khumi ndi awiri. Ikafika nyengo ya mayeso kapena ya kupalira timatsala anayi. Palibe amene amalandirapo kanthu. Ine masana ndimagwira ntchito ya makompyuta pa kampani ina mu Lilongwe. Ena ndi ophunzira a ku koleji, wina ndi mphunzitsi wa masamu ku sekondale, ndipo tili ndi bambo mmodzi amene anagwira ntchito yowerengera ndalama m'boma mpaka kupuma, amene tonse timangowatchula kuti amalume. Ntchito yathu ndi kutenga mapepala a boma onena za ndalama za anthu, amene mwalamulo si achinsinsi koma munthu wamba sangawapeze kapena kuwamvetsa, n'kuwaika pa intaneti mwa njira yoti aliyense alembe dzina la dera lake n'kuona chimene chinalonjezedwa, ndalama zake, ndi pamene ntchitoyo yafika.

Chimene chinandikokera ku ntchitoyi ndi mkwiyo, ndipo sindibisa. Mu September 2013 ndinali nditangoyamba kumene ntchito, ndikuona msonkho ukudulidwa pa malipiro anga mwezi ndi mwezi. Kenako nkhani zimene anthu anazitcha Cashgate zinayamba kuphulika. Ogwira ntchito m'boma a maudindo ang'onoang'ono akupezeka ndi mitolo ya ndalama m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba zawo. Mkulu woona za bajeti, a Paul Mphwiyo, kuwomberedwa pa geti la nyumba yawo ku Area 43. Akatswiri a kampani ya Baker Tilly ya ku Britain atafufuza anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuchokera mu April kufika mu September chaka chimenecho. Mayiko amene ankathira ndalama mu bajeti yathu anaimitsa thandizo lawo, ndipo ululu wake anaumva ndi anthu amene sanaone n'komwe khobidi la ndalamazo. Kwa ine wa makompyuta, chimene chinandisowetsa tulo chinali njira yake. Ndalama za Cashgate sizinabedwe ndi zikwanje usiku. Zinatuluka kudzera mu IFMIS, pulogalamu imene boma limalipirira zinthu: munthu kulowetsamo malipiro a kampani imene sinabweretse katundu aliyense, cheke kutuluka, kenako n'kufufuta mapazi ake. Ndinati mumtima, ngati kompyuta yathandiza kubisa, kompyuta yomweyo ithandizenso kuulula.

Nditayamba kufufuza ndinapeza kuti ena anayenda kale njira imeneyi. Ku Britain kuli bungwe la mySociety, limene a Tom Steinberg anayambitsa mu 2003. Tsamba la TheyWorkForYou, limene bungweli limayendetsa, linamangidwa ndi anthu ongodzipereka mu 2004: anatenga Hansard, buku la zonse zimene aphungu alankhula m'nyumba ya malamulo, n'kuikonza kuti munthu athe kuona zimene phungu wake wanena ndi mmene wavotera. Mu 2008 anatsegula WhatDoTheyKnow, pamene munthu amalemba kalata yopempha uthenga ku ofesi ya boma, ndipo kalatayo pamodzi ndi yankho lake zimakhala poyera kuti wina asavutikenso kufunsa zomwezo. Pulogalamu imene imayendetsa tsambali anaitcha Alaveteli, dzina la mudzi wa ku Finland kumene kunkatumikira m'busa Anders Chydenius, mmodzi mwa amene anamenyera lamulo la ku Sweden la mu 1766, loyamba padziko lonse kupatsa anthu ufulu woona zikalata za boma. Zinandisangalatsa kuti nkhani imeneyi inayamba ndi m'busa wa kumudzi. Kuno ku Africa, a Ory Okolloh ndi a Conrad Akunga anayambitsa Mzalendo mu 2005 kuti aziyang'anira nyumba ya malamulo ya ku Kenya, ndipo ku Lagos a Oluseun Onigbinde ndi anzawo anayambitsa BudgIT mu 2011, n'kumasandutsa bajeti ya Nigeria kukhala zithunzi zoti munthu amve pongoyang'ana.

Ndinkaona masamba amenewa n'kumati ife tichita zomwezo, miyezi itatu basi. Tinakumana koyamba mu 2018, anthu asanu, pa khonde la nyumba ya mmodzi wa ife, ndipo tsambalo tinalimangadi m'miyezi itatu. Kumanga tsamba si ntchito. Mwana aliyense wa chaka chachitatu ku koleji akhoza kumanga. Ntchito ndi ya choikamo.

Anzathu a ku Britain amadzuka m'mawa n'kupeza Hansard ya dzulo ili pa intaneti, yolembedwa mwa njira yoti kompyuta ingoitenga yokha. Ife zambiri zimene timapeza ndi zithunzi za mapepala. Wina anasindikiza tebulo kuchokera mu Excel, n'kudindapo chidindo, n'kulijambula mopendekera, n'kulisandutsa PDF. Kompyuta singawerengemo nambala ngakhale imodzi mokhulupirika. Zina sizili pa intaneti n'komwe, zili pa bolodi la ku khonsolo, zomatidwa ndi mapini, pepala lina pamwamba pa linzake, ndipo ukachedwa sabata imodzi upeza mphepo yatenga tsamba lachiwiri. Ndiye munthu amakwera minibasi ndi ndalama yake, kukajambula ndi foni yake, kutumiza pa WhatsApp ndi bandulo yake, ndipo wina amakhala pansi usiku kukopera mzere ndi mzere. Dzina la ntchito, mudzi, mfumu yaikulu, ndalama, tsiku. Mizere mazana atatu, mazana anayi. Magetsi akazima, monga mmene ankazimira maola ambirimbiri mu 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira, umalemba mpaka batire litatha, n'kukagona ukudziwa kuti watsala pa mzere wa 212.

Bajeti ya dziko ndiye ina. Imabwera m'mabuku angapo okhala ndi manambala, ndipo limene lili ndi tsatanetsatane wa ndalama za unduna uliwonse ndi lochindikala moti munthu ukhoza kukhalira. Amalume ndiwo anatiphunzitsa kuwerenga. Anatiuza kuti nambala imene nduna yawerenga m'nyumba ya malamulo, nambala imene aphungu avomereza, nambala imene yasinthidwa pakati pa chaka, ndi ndalama imene yafikadi ku unduna kapena ku khonsolo, ndi zinthu zinayi zosiyana, ndipo amene wasokoneza ziwiri mwa izi wanamiza anthu ngakhale nambala zonse atazikopera molondola. Boma litasintha chaka chake cha ndalama kuti chiziyamba pa 1 April m'malo mwa 1 July, chaka cha 2021/22 chinangokhala cha miyezi isanu ndi inayi. Tsamba lathu, limene linkayerekeza chaka ndi chaka, linayamba kuonetsa ngati kuti ndalama za pafupifupi unduna uliwonse zadulidwa. Anazindikira ndi amalume, akuwerenga pa foni ya mdzukulu wawo. Pulogalamu sinalakwitse masamu. Sinkadziwa chabe kuti chaka chikhoza kufupika.

Za CDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu limene linayamba mu 2006, tinaziikira mtima kwambiri mu 2022 pamene ndalama zake zinakwera kuchoka pa K40 miliyoni kufika pa K100 miliyoni pa dera lililonse. Madera anali 193, kutanthauza K19.3 biliyoni pa chaka, yomwazika m'tintchito ting'onoting'ono: mjigo apa, kalavati apo, chipinda chophunzirira, nyumba ya mphunzitsi. Ndi ndalama imene munthu wa kumudzi angathe kuiloza ndi chala n'kunena kuti iyi yafika, iyi sinafike. N'chifukwa chake tinkathamanga kuti mindandanda ituluke msanga, ndipo m'kuthamanga kumeneko ndi mmene munalowera ziro ija.

Nambalayo ndinaikonza tsiku lomwelo, mphindi zisanu sizinakwane. Koma chithunzi cha tsamba lathu chinali chitayenda kale m'magulu a WhatsApp a m'deralo, ndipo chithunzi sichikonzeka. Tinakambirana usiku umenewo. Wina anati tingolemba kachidziwitso pansi pa tsamba. Amalume anati, "Munthuyo mwamuvula pagulu, mukamuvekenso pagulu." Ndinaimbira a khansala aja kuwafunsa tsiku limene komiti ya chitukuko ya m'dera lawo, ADC, idzakumane.

Ndinapita ndi mnyamata amene analemba ziro uja. Anaumirira yekha kuti apite. Minibasi mpaka pa boma, kabaza ola lathunthu, fumbi m'mano. Msonkhano unali m'kalasi ya pa pulaimale, akuluakulu atapanikizika m'madesiki a ana. Atatipatsa mpata ndinaimirira, miyendo ikunjenjemera.

"Mafumu, a khansala, a tcheya, amayi ndi abambo, ife tabwera kudzapepesa. Nambala imene munaona pa mafoni ija inali yabodza, ndipo bodzalo linachokera kwa ife, osati kwa a khansala, osati ku khonsolo. Pepala lenileni ndi ili."

Tinasindikiza makope makumi awiri a chithunzi cha pepala la ku khonsolo lija, ndipo mnyamatayo anagawa desiki ndi desiki. Mfumu ina inatenga nthawi ikuliyang'ana, kenako inati, "Mayi, madzi akatayika saoleka. Koma poti mwabwera ndi miyendo yanu, ife tamva." A khansala sanalankhule zambiri. Anandigwira chanza, n'kumugwiranso mnyamatayo, n'kumuuza kuti, "Uzilemba bwino, mwana wanga. Kuseli kwa nambala iliyonse kuli munthu wa ana ake."

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Ndiye kumbuyo kunaimirira mayi wina wamfupi, mwana kumsana, pepala lathu lili m'manja. Anati ndi mlembi wa komiti ya pa mjigo womwewo.

"Ndiye mukuti ndi K4.5 miliyoni, osati K45 miliyoni. Chabwino, tamva. Nanga bwanji mjigowo unatulutsa madzi miyezi iwiri yokha? Pano tabwerera kudambo. Pepala lanuli likunena kuti anakumba mamita angati?"

Silinkanena.

"Likunena kuti anakumba ndani?"

Silinkanenanso.

"Ine ndinalipo tsiku limene ankatsitsa mapaipi. Ndinawerenga. Anali asanu ndi awiri. Mjigo wa ku mudzi wa anzathu uko anatsitsa khumi ndi awiri. Ndiye zimene mukulembazi zitithandiza chiyani?"

Funso la mayi ameneyu ndi limene linasintha gulu lathu, kuposa ziro ija. Ife tinkaganiza kuti kuchita zinthu poyera ndi kuika mitengo pa intaneti kuti mbava zichite mantha. Iwo mtengo analibe nawo ntchito kwenikweni. Ankafuna zimene zili mu mgwirizano wa pakati pa khonsolo ndi kontilakitala: kuya kwa chitsime, kuchuluka kwa madzi amene anayezedwa ntchito itatha, amene anasayina kuti ntchito yatha bwino, ndiponso ngati gawo lija la ndalama limene limasungidwa kudikira kuti ntchito ioneke kulimba kwake linaperekedwa kale. Ndipo iwo anali ndi nambala imene ofesi iliyonse inalibe: mapaipi asanu ndi awiri, owerengedwa ndi maso awo. A BudgIT anazindikira zimenezi kalekale, n'chifukwa chake mu 2014 anayambitsa Tracka, imene imatumiza anthu m'midzi kukaona ntchito ndi kukambirana ndi eni dera. Ine ndinali nditawerenga za Tracka, koma ndinazimvetsa ndili chilili m'kalasi muja.

Apa ndi pamene lamulo linatithandiza. Gawo 37 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga, koma kwa zaka zoposa makumi awiri panalibe lamulo lofotokoza njira yake. Atolankhani, makamaka kudzera mu bungwe lawo la MISA Malawi, analimenyera mpaka aphungu analivomereza mu December 2016. A Peter Mutharika, amene anali pulezidenti pa nthawiyo, analisayina mu February 2017, koma linakhala m'kabati mpaka pa 30 September 2020 pamene linayamba kugwira ntchito. Limati ofesi iliyonse ya boma ikhale ndi munthu wosankhidwa wolandira mapempho otere, limaika malire a masiku 15 ogwira ntchito kuti wopempha ayankhidwe, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo linapatsidwa udindo woona kuti lamuloli likutsatidwa.

Kalatayo tinalemba limodzi ndi mayi aja, pa desiki la mwana, msonkhano utatha. Tinailemba m'dzina la komiti yawo, osati lathu. Zimenezi tinachita dala, ndipo timatero mpaka lero. Kalata ikachokera kwa ife a mu Lilongwe, funso loyamba ku ofesi limakhala lakuti watituma ndani ndipo ndife a chipani chiti. Ikachokera kwa anthu amene akumwa madzi a kudambo, funso limenelo limasowa pokhala.

Masiku 15 anadutsa. Mayi aja anapita ku boma kawiri pa njinga ya amuna awo. Ulendo woyamba anauzidwa kuti abwana atuluka, ulendo wachiwiri kuti fayilo ili ndi munthu amene ali ku maphunziro. Ndikudziwa kuti wowerenga wina pano wayamba kale kunena kuti ndi zomwezo, akubisa. Nthawi zina amabisadi. Koma m'zaka zimenezi ndalowa m'maofesi ambiri, ndipo ndaona kuti si chitseko chilichonse chotseka chimene kuseli kwake kuli mbava. Ndinapezapo mayi wina wa mu ofesi amene anafunitsitsa kutithandiza, koma makina osindikizira analibe inki kwa miyezi, ndipo mafayilo anali m'makatoni pansi, ena atanyowa ndi denga lodontha. Anatilola kujambula ndi foni, iye akutigwirira mapepala kuti asauluke. Ena amaopa. Sanauzidwepo kuti lamulo linasintha, ndipo chimene anaphunzira tsiku lawo loyamba pa ntchito n'chakuti pepala la boma silituluka pakhomo popanda chilolezo cha abwana. Munthu wotere ukamufikira ngati wapolisi amatseka chitseko. Ukamufikira ndi kope la lamulo, mwaulemu, n'kubweranso sabata ya mawa, ndi inayo, kawirikawiri amatsegula. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo achinyamata amene amabwera kwa ife ali ndi moto wofuna kugwira akuba mawa lomwe, kudekha kumeneku ndi kumene kumawagonjetsa.

Titabwerera ku Lilongwe tinasintha kagwiridwe kathu ka ntchito. Tsopano pepala lililonse amalikopera anthu awiri, aliyense payekha osaonerana, ndipo kompyuta imayerekeza zimene alemba. Pamene asiyana pamafiira, ndipo wachitatu amatsegula chithunzi kuti aweruze. Ntchito imachedwa kawiri, koma sindilolanso njira ina. Nambala iliyonse pa tsamba ili ndi chithunzi cha pepala limene yachokera pambali pake, kuti munthu asakhulupirire ife, akhulupirire maso ake. Tili ndi tsamba la zolakwa zathu, lokhala ndi tsiku limene tinalakwitsa ndi tsiku limene tinakonza, ndipo mjigo uja ndiwo uli pamwamba. Ndiponso mawu akuti "zabedwa" sitilemba. Timalemba kuti pepala likuti chakuti, amene anapita kukaona anapeza chakuti. Kugamula kuti wakuba ndani kuli ndi eni ake: a Anti-Corruption Bureau, ofesi ya Auditor General, komiti ya aphungu yoona za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma, ndi makhoti. Anthu ena amatinyoza kuti ndife amantha. Ine ndinamva mawu a bambo amene anthu anamuthawa pa benchi la pamaliro, ndipo sindifuna kuwamvanso.

Za ndalama ndinene mwachidule, ngakhale ndizo zimandidzutsa pakati pa usiku. Malo amene tsamba limakhala pa intaneti ndi dzina lake timalipira m'madola. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, zimene tinkasonkha pamwezi zinasiya kukwana, ndipo kupeza dola lenilenilo kunali ntchito ina payokha. Timasonkherana ngati banki m'khonde, aliyense zimene angathe. Kuti gulu lilandire thandizo lalikulu liyenera kukhala lolembetsedwa mokwanira, kudziwika ku CONGOMA, mgwirizano wa mabungwe omwe si a boma, ndi ku NGORA, ofesi ya boma yoyang'anira mabungwewo, kupereka malipoti chaka ndi chaka ndi mabuku a ndalama ounikidwa. N'zoyenera, chifukwa sitingafunse ena kuti aonetse mabuku awo ife titabisa athu. Koma mapepala onsewo amalemba ndi munthu yemwe uja amene akanakhala akukopera mzere wa 213.

Opereka thandizo tinakumanapo nawo angapo, ndipo ambiri ndi anthu abwino. Vuto ndi lakuti amakonda chinthu chatsopano choti akachikhazikitse ku hotela, ndi zikwangwani ndi zithunzi. Ukawauza kuti chimene tikufuna ndi ndalama ya minibasi, bandulo, ndi kulipira seva, malo aja amene tsamba limakhala pa intaneti, kwa zaka zisanu, nkhope zimagwa. Ndikudziwa masamba angapo okongola a mtundu wathu womwewu amene anatsegulidwa ndi nthungululu, ndipo lero ukalemba dzina lake sipatuluka kanthu, chifukwa thandizo linali la miyezi khumi ndi iwiri. Tsamba la ndalama za boma likafa, silifa lokha. Anthu amene analidalira amaphunzira kuti zinthu zimenezi ndi za nyengo chabe, ndipo wobwera pambuyo amavutika kuti amukhulupirire.

Anthu nawonso amapita, ndipo sindiwadandaula. Wina amapeza ntchito, wina amakwatiwa, wina amakwera basi ya ku Johannesburg. Mnzathu amene anamanga mbali yaikulu ya tsamba atachoka, tinazindikira kuti mapasiwedi onse anali m'mutu mwake, ndipo tsamba linazima masiku asanu ndi anayi tikumusaka pa nambala imene anali atasiya kugwiritsa ntchito. Kuyambira pamenepo chilichonse chimalembedwa, ndipo palibe kiyi amene ali ndi munthu mmodzi yekha. Munthu wongodzipereka sungamukalipire kuti wachedwa. Ungathe kumuthokoza, kumufunsa za amayi ake odwala, kumugawira ntchito yoti aimalize madzulo amodzi n'kuona chipatso chake. Mbali yaikulu ya utsogoleri wanga ndi imeneyo: kuimba mafoni, kukumbukira amene ali ndi mayeso, kuphika tiyi Loweruka. Mapulogalamu a kompyuta ndimalemba mwa apo ndi apo.

Chaka cha chisankho chinabweretsa mayesero ena. Madera atawonjezeka kuchoka pa 193 kufika pa 229 pokonzekera chisankho cha pa 16 September 2025, malire anasintha, ndipo tinayenera kutenga ntchito zakale imodziimodzi n'kuona kuti mudzi wake wagwera dera liti tsopano. Tili mkati mwa zimenezo, mafoni anayamba kulira. Anthu a mbali zosiyanasiyana ankafuna kuti tiwakonzere mndandanda wa ntchito zosatha za m'dera la mdani wawo yekha, ena akulonjeza kutigulira malaputopu. Yankho linali limodzi kwa onse: zonse zili pa tsamba, za dera lililonse limene tili nalo, tengani ngati mmene angatengere wina aliyense. Mmodzi wa ife, mtsikana wakhama kwambiri, anaganiza zothandiza pa kampeni ya achibale ake amene ankaimira ukhansala. Ndi ufulu wake, ndipo ndinamuuza choncho. Koma tinagwirizana kuti asiye kaye kugwira nambala zathu mpaka chisankho chitadutsa. Analira, inenso ndinalira. Anabwerera mu October.

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'dziko muno amakhala kumudzi, ndipo ambiri mwa iwo tsamba la pa intaneti sadzalitsegula. Choncho zimene timaika pa tsamba timazidulanso kukhala tizithunzi topepuka, tolembedwa m'Chichewa, toyenda pa WhatsApp popanda kudya bandulo, chilichonse chili ndi tsiku pakona kuti chakale chisamayende ngati chatsopano. Wailesi ina ya m'dera imawerenga mndandanda wa ntchito za m'boma lake, anthu n'kumaimba foni kunena zimene akuona. Kwina timasindikiza mapepala, mphunzitsi n'kukamata pa chitseko cha sukulu. Zimaoneka ngati zoseketsa, koma ndi zoona: tinachotsa pepala pa bolodi, kulilowetsa mu kompyuta, kuti libwererenso pa chitseko, koma tsopano pafupi ndi mjigo umene likunena.

Yankho la kalata ya mayi aja linabwera patatha miyezi itatu, a khansala omwe aja atakalankhula ku khonsolo. Anali masamba anayi. Anawajambula n'kunditumizira, limodzi lili chadodolido. Mgwirizano unkati chitsime chikumbidwe mamita 40. Paipi imodzi ya mjigo imatalika pafupifupi mamita atatu, ndiye mapaipi asanu ndi awiri ndi mamita 21. Achinyamata athu anadumpha kuti tamugwira. Ndinafunsa kaye munthu wodziwa za madzi, ndipo anatichenjeza kuti kuya kwa chitsime ndi pamene pampu yakhazikidwa si chinthu chimodzi, n'kutheka kuti anakumbadi mamita 40 koma n'kutsitsa mapaipi ochepa, madzi atatsika m'chilimwe pampu n'kutsala m'mwamba. Tinalemba zonse ziwiri, nambala ya pa pepala ndi nambala ya mayi aja, popanda kuwonjezera mawu athu. Chimene chinagwira ntchito chinali pa tsamba lachinayi: ndalama yosungidwa ija inali isanaperekedwe. A ADC analembera khonsolo kuti isaperekedwe mpaka mjigo utakonzedwa. Chilimwe chisanathe kontilakitala anabwera ndi mapaipi ena.

Mnyamata wa ziro uja anafuna kusiya sabata imene tinabwerera. Lero ndi iye amene amakhala wachitatu, woweruza pamene olemba awiri asiyana, ndipo palibe nambala imene imadutsa iye asanaikuze pa sikirini mpaka madontho a inki kuoneka.

Madzulo ena ndikuphika, uthenga wa mawu unalowa pa foni. Poyamba sindinamve munthu, koma chitsulo chikulira, gwe, gwe, gwe, kenako madzi akuthira mu ndowa, ana akusokosera chapatali. Kenako mawu a mayi aja, akupuma mwawefuwefu chifukwa chopopa.

"Mayi, mwamva? Ndi umenewo. Tsopano pali nyumba ya aphunzitsi pa sukulu paja tinakumana, inaima pa windo chaka chatha. Tandionerani pa makina anuwo kuti analemba zingati, ndipo mundiuze kuti kalata yake tilembere ndani."

Ndinaphula ndiwo pa moto, n'kutsegula laputopu, n'kuyamba kufufuza dzina la sukuluyo.